Kachitsulo Kotsala pa Thumba

Njinga yamoto ikayamba kulira kwambiri pachitunda koma liwiro osaoneka, mwini wake amadziwa kuti kilatchi ikuterereka. Ambiri a ife, poona kuti kwa makaniko nkutali ndipo ndalama nzochepa, timayala thumba pakhonde Loweruka m'mawa ndi kuyamba kumasula tokha.

Titenge Honda CG125, imene inayamba kupangidwa mu 1975. Kilatchi yake ili kudzanja lamanja la injini, ndipo imakhala yomira mu oyilo. Choncho timayamba takhutula oyiloyo, kenaka nkuchotsa chivundikiro. M'katimo muli mbale za mitundu iwiri zosanjikizana mosinthana, ina yachitsulo chosalala, ina yokhakhala. Masipuling'i anayi amazifinya pamodzi kuti mphamvu ya injini ifike ku gudumu, ndipo tikakoka chogwirira mbalezo zimalekana. Mabawuti a masipuling'iwo sitimasula limodzi mpaka kutha. Timapotoza pang'ono ili, pang'ono lopenyana nalo. Mbale zatsopano timaziviika mu oyilo zisanalowe.

Zonsezi munthu wodekha angathe. Mayeso enieni amadza dzuwa likulowa. Tatseka chivundikiro ndi gasiketi yatsopano, tathira oyilo, taliza injini, ndipo yalira bwino. Tikukutumula thumba, kachitsulo kopyapyala kobowoka pakati kagwa pansi, ngwe! Kodi titsegulenso?

Mtima wa munthu suchedwa kupeza zifukwa. Gasiketi tinagula imodzi yokha. Mwina kachitsuloka nka ntchito ina yakale. Palibe waona, ndipo njingayo ikuyenda. Koma amene anaipanga sanaikemo chitsulo chopanda ntchito. Kotereka kamalekanitsa zitsulo ziwiri zozungulira kuti zisadyane, ndipo kusowa kwake sikuoneka lero. Kudzaoneka patapita miyezi, mwina panjira ya kuchipatala, kumbuyo kutakwera mayi wobereka mwana wodwala. Pa tsikulo palibe amene adzakumbuke Loweruka lija, ndipo onse adzati njinga yakalamba. Apa mpamene pagona kukoma kwa yeserolo: kulakwa nkwathu, koma chipatso chake chidzachedwa kupsa, ndipo wodya adzakhala wina.

Tingadzitonthoze ndi mawu akuti, "Sitikudziwa kumene kachokera." Thomas Aquinas anasiyanitsa umbuli umene munthu sangathe kuuthetsa ndi umbuli umene munthu amausunga dala kuti achite zimene afuna. Woyambawo umachotsa mlandu, wachiwiriwo ayi. Ife sipanala tili nayo m'manja, ndipo yankho lili kuseri kwa mabawuti ochepa chabe. Kusadziwa kwathu tikuchita kukusankha.

Sitikunena kuti timasule usiku womwewo ndi nyali ya parafini, pakuti manja otopa ndiwo amataya kachitsulo kachiwiri. Timaika kachitsuloko m'kambale, kiyi wa njinga nkubisa kuti mnyamata wa pakhomo asaikwere. Kukacha timatsuka beseni, kuti oyilo watsopano uja tikamukhutula tidzathe kumuthiranso.