Kodi N'koyenera Kulira Galu?

Galu akafa pamudzi palibe amene amatuma mthenga kwa amfumu. Mtembo wake amaukwirira kuseri kwa khola, anthu n'kupitiriza ntchito zawo. Komabe pakhomopo pamatsala munthu mmodzi, kawirikawiri mnyamata amene ankamuponyera mkute, yemwe nsima imamukanika kumeza madzulo a tsikulo. Akagwetsa misozi, akuluakulu amamudzudzula kuti aleke malodza, popeza misozi ndi ya anthu.

Kudzudzulaku kuli ndi pogwira. Pamudzi pamene malungo atenga ana, kubuma chifukwa cha galu kungakhale chipongwe kwa anamfedwa enieni. Koma chisoni sichiyamba chafunsa kuti wafayo anali wolemekezeka motani, chimatsata chizolowezi. Agalu osamalidwa bwino amakhala zaka 10 mpaka 13. Choncho mwana amene analandira kagalu ali mu Sitandade 1 angadzamutaye ali kusekondale, atayenda naye kudimba, kuubusa ndi kosaka mbewa kwa nthawi yoposa theka la moyo wake. Kuuza mwana wotere kuti sanataye kanthu ndi kumuphunzitsa bodza.

Herodotus, wolemba mbiri wa ku Greece amene anakhalako zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, analemba kuti ku Egypt mphaka akafa, onse a m'nyumbamo ankameta nsidze, ndipo galu akafa ankameta mutu ndi thupi lonse. Achewa sangadabwe ndi lumo limeneli, pakuti nawonso amameta pambuyo pa maliro a munthu. Mwambo umapatsa chisoni poyambira ndi pothera. Tsoka la wofedwa galu ndi lakuti alibe mwambo uliwonse: palibe wodzamupepesa, palibenso tsiku lomuuza kuti kulira kwakwana. Chisoni chobisidwa chifukwa cha manyazi chimachedwa kuchoka.

Sikuti galu amuchitire siwa ndi nyimbo ayi. Zofunika n'zochepa. Mwanayo aloledwe kukumba yekha dzenje, ndipo dzina la galuyo lizitchulidwa pakhomo popanda womuseka. Ngati imfayo yadza ndi chiwewe, mtembo asaugwire ndi manja, ndipo aliyense amene analumidwa athamangire kuchipatala.

Makolo ena, pofuna kutonthoza mwana, amabwera ndi kagalu kena m'mawa mwake. Cholinga n'chabwino, koma changucho chimauza mwanayo kuti bwenzi limasinthidwa ngati mpini wa khasu. Ndi bwino kudikira kufikira iye mwini atafunsa ngati galu wa kwa amalume ake waswa.