Katumbu ndi Thabwa la Kakowa

Padangokhala Katumbu, msodzi wa ku Malombe, mwini khoka lalitali. Akakoka, gombe lonse linkangoti mbee ndi chambo.

Padalinso Kakowa, wantchito wa boma wochokera ku Monkey Bay, kumene amafufuza za nsomba. Ankalawirira padoko ndi thabwa la manambala, sikelo ndi buku. Atenge chambo, agoneke pathabwa, alembe. Aike pasikelo, alembe. China atumbule, aone mazira, alembe. Kudya ayi.

"A Kakowa," anatero Katumbu, "kodi buku lanulo mumathira mchere?"

Doko lonse linafa nacho chiseko.

"Achimwene, tayasamulani nsomba iyi," anatero Kakowa.

Katumbu anaiyasamula. M'kamwa munali tiana tokhatokha, yakaliyakali.

"Chambo chimalerera ana m'kamwa. Mukagwira make nyengo ino, mwagwira mudzi wonse. Mvula ikayandikira, muziipumitsako nyanjayi."

"Nyanja ndi munthu kuti itope? Nsomba zimagwa ndi mvula!"

Chaka chotsatira chambo chinachepa. Katumbu anachepetsa maso a khoka. Chinacho chinachepanso. Katumbu anatsitsa neti ya udzudzu imene ankagonamo ana ake, naisokerera kukhoka. Khoka lija linkapala pansi penipeni. Linazula udzu wobisalamo tiana. Linasalaza timabwalo tamchenga tomwe chambo chachimuna chimakonza poitana chachikazi.

Kakowa anabweranso, nagoneka nsomba pathabwa. Sinafike ndi pakati pomwe.

"Uyu ndi kasawala, achimwene. Chambo chosakwana masentimita 15 lamulo silikulola."

Katumbu sanagone. "Nsomba zanga zilibe mlandu," anatero chamumtima. "Latalika ndi thabwali."

Pakati pa usiku ananyang'ama, nalowa m'chisakasa cha Kakowa, chikwanje kumanja. Kho! Kho! Thabwa pawiri.

Kutacha anaitana doko lonse. Anagoneka kasawala pachidutswa chija, mchira n'kulendewera kunja.

"Taonani, anthuni! Yasefukira!"

Mphipi anaimba nthungululu. Ng'azi anavina mpaka kugwera m'bwato. Kakowa anangotulutsa thabwa lina m'chikwama, nayeza, nalemba.

Madzulo mkazi wa Katumbu anavundukula mphika.

"Bambo a ana, thabwa mwadula. Nanga mphika wangawu mudula liti? Nsomba khumi sizikubisa pansi."

Mvula inagwa, yambiri ndithu. Katumbu anaima pagombe, khosi kumwamba, kudikira chambo. Anangonyowa. Anakoka khoka, munatuluka tikambuzi. Anakokanso, munatuluka nkhono. Kunyumba ana anali gone ndi malungo, neti yawo ikununkha matope.

Mukadzafika ku Malombe, dzafunseni akuluakulu a padoko. Mu 1982 nyanja imeneyi inatulutsa chambo choposa matani 8,000. Pofika 1992 sichinakwane ndi matani 1,000 omwe. Tikudziwa zimenezi chifukwa padoko panali wina wosatopa ndi kulemba, uku akusekedwa.

Tsono Katumbu uja anapita kwa Kakowa, chipewa m'manja.

"Zikomo, akulu. Paja inu mumalemba zonse. Nsomba zanga zapita kuti?"

Kakowa anatsegula buku, nanyowetsa chala.

"Tsamba ili, munadya amayi. Tsamba ili, munadya ana."

"Nanga ilo losalembedwalo?"

"Limenelo ndi la adzukulu. Sanabadwe."