Nkhonya zimene sizinaloledwe kuchitika

Pa Kamwendo dzuwa likapendeka, anyamata a kabaza akamadikirira okwera, mkangano wa nkhonya suchedwa kubuka. Wina amati Mike Tyson akanamugwetsa Muhammad Ali raundi yoyamba, mnzake n'kukana mpaka kulumbira. Mkanganowu ndimaukonda, ndipo ndikakhalapo ndimaponyamo mayina a akale, monga Jack Johnson ndi Jack Dempsey. Chimandiwawa n'choti timathera malovu pa anthu amene sakanakumana, n'kusiya amene anali moyo nthawi imodzi, wina akupempha nkhonya, mnzake akumuthawa.

Nanga mibadwo yosiyana tingaiyese bwanji? Mu 1889 John L. Sullivan anamenyana ndi Jake Kilrain chimanjamanja, popanda magolovesi, maraundi 75, ndipo raundi inkatha munthu akagwa. Lero nkhonya za lamba zimathera pa maraundi 12. Sullivan akakumana ndi Tyson, atsatira malamulo a ndani?

Koma Peter Jackson analipo. Munthu wakuda ameneyu, amene anatchukira ku Australia, Sullivan, amene anali ndi lamba, anamukana poyera chifukwa cha khungu. Mu 1891 Jackson anamenyana ndi James J. Corbett maraundi 61 popanda wopambana. Chaka chotsatira Corbett yemweyo anagwetsa Sullivan mu raundi ya 21. Apa ndiye pali pogwira. Sullivan anali atakula, mowa utamufooketsa, ndipo ine ndimakhulupirira kuti Jackson akanamulanda lamba.

Dempsey nayenso, atatenga lamba kwa Jess Willard mu 1919, anakhala naye mpaka 1926 osakumana ndi Harry Wills, wakuda amene kwa zaka zambiri ankadziwika kuti ndiye woyenera mwayiwo. Ena amati olakwa anali okonza nkhonya, amene ankakumbukira zipolowe zimene zinaphetsa anthu akuda pamene Johnson, munthu wakuda, anagonjetsa mzungu Jim Jeffries ku Reno pa 4 Julaye 1910. N'kutheka. Komabe amene anakalamba akudikirira ndi Wills.

Nkhani imene imandisowetsa mtendere kwambiri ndi ya Johnson mwiniwake. Iyeyu anazunzika ndi tsankho, anamulondola Tommy Burns mpaka ku Sydney, n'kumugonjetsa mu Disembala 1908, kukhala wakuda woyamba kutenga lamba wa heavyweight padziko lonse. Timamunyadira, ndipo n'koyenera. Koma atakhala pampando anamutsekera khomo Sam Langford, wakuda mnzake wochokera ku Canada, munthu wamfupi koma wa nkhonya yoopsa. Johnson anali atamugonjetsa mu 1906, pamene Langford anali wopepuka kwambiri thupi. Langford atakhwima, mwayi wachiwiri sanaupeze. Ndalama zambiri zinali pomenyana ndi azungu, ndipo Langford anali woopsa zedi. Ndikawauza anyamata aja zimenezi, ena amakwiya, amati ndikunyoza ngwazi yathu. Sindikunyoza ayi. Koma munthu amene ankadziwa kuwawa kwa kukanidwa akakana mnzake, tisabise mawu.

Otsekeredwawo ankangomenyana okhaokha kuti apeze chakudya. Langford ndi Wills anakumana koposa ka 15. Maso a Langford anaonongeka, koma anapitiriza kumenya akuona mwachimbuuzi. Mu 1944 mtolankhani wina anakamupeza ku Harlem, mumzinda wa New York, ali wakhungu, akukhala yekha m'kachipinda, wopanda ndalama.