Gulugufe sathamangitsidwa

Adzukulu anga, mwayamba kulowa m'tchire ndi mafoni kukajambula agulugufe, ndipo mtima wanga wakondwa. Koma lekani kuwathamangitsa. Gulugufe timamudikira pa chakudya chake, choncho yambani mwadziwa mtengo umene amaukonda.

Yambirani pa mandimu a kuseri kwa nyumba. Pamabwera gulugufe wamkulu, wakuda, wamawangamawanga achikasu, amene akatswiri amamutcha Papilio demodocus. Wamkazi amaikira mazira limodzilimodzi pa masamba anthete a mandimu ndi malalanje. Mbozi yake ikadali yaing'ono imaoneka ngati chitosi cha mbalame, kuti adani aipitirire. Ikakula imasanduka yobiriwira, ndipo mukaigunda imatulutsa tinyanga tiwiri tonunkha kuseri kwa mutu. Ena amaipha poteteza mbande, ndipo sindiwadzudzula, koma mtengo waukulu sungafe ndi masamba ochepawo. Isiyeni, muziijambula mpaka tsiku lodzatuluka ndi mapiko.

Muzilawirira. Thupi la gulugufe limafunda ndi dzuwa, ndiye mame asanakamuke amangokhala phee, atatambasula mapiko, kuwothera. Dzuwa likafika paliwombo simungamuthe, ndipo wa pa mandimuyu ngakhale akuyamwa duwa mapiko ake sapuma. Muyandikireni monyang'ama, mutawerama, chithunzithunzi chanu chisamugwere, chifukwa mdima ukangomudutsa wapita. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'mbali mwa mitsinje agulugufe amphongo amaunjikana pa mchenga wonyowa kuyamwa mchere. Khalani pansi pomwepo. A mtundu wa Charaxes, aliwiro aja a m'nkhalango za ku Zomba ndi ku Mulanje, maluwa alibe nawo ntchito kwenikweni. Amatsikira zipatso zowola ndi ndowe, choncho tengani nthochi yopsetsa, muiike pa chitsa, mudikire.

Chonde musamugwire. Fumbi lotsalira ku zala lija ndi timamba ta mapiko ake, ndipo tikachoka sitimeranso. Jambulani pamwamba pa mapiko ndi kunsi komwe, pakuti ena ofanana amasiyanira kunsiko. Mukatero lembani malo, tsiku ndi chomera chimene anaterapo. Ku Mulanje kuli wina wotchedwa Cymothoe melanjae, ndipo moto ndi nkhwangwa zikudya nkhalango yake. Wa inu amene adzamujambule, nalemba bwino pamene wamupeza, adzathandiza oteteza phirilo kudziwa chigwa choyenera kuchitchinjiriza msanga.