"Tidzapita Kunyanja, In Shaa Allah"



Sukulu zikamatsekera, m'makomo ambiri mumamveka lonjezo limodzi: "Mukakhoza mayeso tidzapita kunyanja." Mwana wa zaka zisanu amagona nawo mawu amenewa. Amauza anzake ku madrasa kuti akukasambira ku Senga Bay, amafunsa ngati kuli ng'ona, mpaka kusankhiratu malaya ovala tsikulo. Pamene bambo ake anangolankhula kuti mwanayo asiye kuvuta, pofika m'mawa aiwala kale. Kodi limeneli ndi bodza, kapena ndi chikondi chosowa ndalama?

Tiyambe tawamvetsa makolo. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima ndi maola awiri kapena kuposerapo pa minibasi, ndiye mukwerenso ina yokafika kunyanjako. Banja la anthu asanu, kupita ndi kubwera, kuphatikiza chakudya, si ndalama yamasewera. Chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene munawerengera mwezi watha suchedwa kusintha. Nthawi zina mwasunga ndithu, kenako kwagwa maliro kumudzi, ndalama yonse yathera komweko. Kholo lotere silinaname. Linali ndi niya, zinthu zakanika.

Koma pali kholo lina, komanso achimwene ndi achemwali ena, amene polonjezapo amakhala akudziwa kale kuti ulendowo kulibe. Apa ndimakumbukira nkhani ya Abdullah ibn Amir, yomwe ili mu Sunan ya Abu Dawud. Ali mwana, mayi ake anamuitana kuti abwere adzamupatse kanthu, Mtumiki (SAW) ali m'nyumba mwawo. Mtumiki anawafunsa chimene amafuna kumupatsa, iwo n'kuyankha kuti tende. Ndipo anawauza kuti akanapanda kumupatsa kalikonse, likanalembedwa bodza. Taganizani, tende chabe, komanso kwa mwana amene sakanakasuma kulikonse.

Ena amati mwana sachedwa kuiwala, ndiye palibe chimene chawonongeka. Ine maganizo amenewa amandiwopsa, chifukwa akutanthauza kuti munthu akakhala wofooka, wosatha kutikumbutsa, kumunamiza n'kololedwa. Komanso sindikhulupirira kuti amaiwala. Amangosiya kufunsa basi.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mmene timagwiritsira ntchito In shaa Allah. Mu Surat Al-Kahf timaphunzitsidwa kunena mawuwa pa chinthu chimene tatsimikiza kudzachita mawa, pozindikira kuti mawalo silili m'manja mwathu. Ife tawasandutsa khomo lothawira. Funsani ana ambiri, akuuzani kuti amayi akati In shaa Allah ndiye kuti zakanika. Mwana wa sitandade 2 waphunzira kale kuti dzina la Allah limatchulidwa pamene munthu sakufuna kunena kuti ayi. Ndiye ustadh akadzamuphunzitsa tanthauzo lenileni, adzakhulupirira ndani?

Sindikunena kuti ana azingokhala pakhomo. Kuwasangalatsa ndi mbali ya kuwalera, sikuwononga chuma. Kungoti tilonjeze molingana ndi m'thumba. Amene muli ku Blantyre, ku museum ya ku Chichiri kuli injini zakale za sitima zoimikidwa panja, mwana atha kuzizungulira ola lathunthu osatopa. Ku Zomba kuli damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri. Wamng'ono mukamuika pamiyendo m'minibasi nthawi zambiri salipira, ndipo kamba wa mbatata yophika, zitumbuwa ndi thobwa amachepetsa zogula m'njira. Ngati ndi kunyanja ndithu, ikani kachitini poonekera, ana aziponyamo nawo timasenti totsala, aziona okha kuti ulendo ukuyandikira kapena ukutalikira.

Nanga zikakanika? Kwathu kuno wamkulu kupepesa kwa mwana kumaoneka ngati kudzitsitsa, ndiye timangokhala chete, mwana akafunsa timamukalipira kuti sakuona mavuto. Chikhalirecho akanatha kumva tikanamukhazika pansi: "Ndalama ya kunyanja ija tagulira agogo mankhwala, pepa. Loweruka tipita kudamu." Alira, inde. Koma Lowerukalo likafika, adzuka m'mamawa n'kuvala malaya aja, ndipo akakupezani muli pa mkeka mukumaliza Fajr, ayima pakhomo nsapato zili m'manja kudikira kuti mupereke salamu.