Changa wa m'nkhalango ya Namizimu: mfundo zofunika kuziganizira

Dzuwa likalowa ku Makanjira, asodzi n'kuyatsa nyali zawo panyanja, kumapiri a kum'mawa kumadzuka changa, kanyama ka maso aakulu ndi mchira wautali. Moyo wake uli ndi zotiphunzitsa.

1. Mtengo wamphako uli ndi eni ake. Masana changa amagona m'mphako kapena m'nthambi zowirira, ndiye woudula saona kuti wagwetsa nyumba ya wina. Mitengo ikuluikulu yakale, yomwe owotcha makala ndi owamba nsomba amaikonda chifukwa nkhuni zake zimakhalitsa pamoto, ndi yomwenso imakhala ndi mphako. Mbande yobzalidwa chaka chino idzafika pokhala ndi mphako adzukulu athu atamera imvi. Tisadzinamize kuti kubzala kokha kwabweza zomwe nkhwangwa yatenga.

2. Chakudya cha wamng'ono sichivuta kuwononga. Changa amadya tizilombo, zipatso ndi utomoni wa mitengo monga mthethe. M'chilimwe, tizilombo tikachepa, utomoniwo ndi umene umamusunga. Nthawi yomweyo ndi imene timatentha tchire pofuna mbewa.

3. Mantha si umboni. Changa wamkulu amalira ngati khanda, ndipo ena akamumva usiku amati ndi malodza, mawa lake anyamata n'kumusaka ndi malegeni. Kulirako n'kuitanizana ndi anzake basi. Akuluakulu, afotokozereni ana zimenezi. Changa wamkazi amabereka mwana mmodzi kapena awiri, amamunyamula pakamwa n'kumusiya panthambi akamakafuna chakudya. Mukapha mayiyo, mwapheratu ndi mwana yemwe.

4. Tsoka la mnzako ndi chenjezo kwa iwe. Ku Madagascar kuli abale a changa otchedwa lemur. Wamng'ono kwambiri mwa iwo, wotchulidwa dzina la Madame Berthe, amalemera pafupifupi magalamu 30 ndipo amapezeka m'nkhalango za ku Menabe zokha. Nkhalangozo zatenthedwa kuti pakhale minda ya chimanga ndi mtedza, ndipo mu 2020 bungwe loona za chilengedwe la IUCN linamuika m'gulu la nyama zotsala pang'ono kutheratu. Anthu a kumeneko sanali ankhanza. Ankafuna chakudya monga ifenso.

5. Nkhalango ya Namizimu ndi yotetezedwa ndi boma, koma alonda a zankhalango sangaime pa mtengo uliwonse. Mafumu, mashehe ndi abusa a ku Makanjira, nkhaniyi ilowe m'mabwalo, m'mizikiti ndi m'matchalitchi. Inu amene mukutsegula munda chaka chino, mtengo wamphakowo usiyeni uli chiimire.