Marjaan ndi Sikelo: Kodi Wobzala Ali ndi Ufulu Wothyola?

Kuyamikidwa ndi kwa Allah, Mwini mtunda ndi nyanja. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad (SAW), akubanja kwake ndi maswahaaba ake.

Inu akapolo a Allah, m'Surah Ar-Rahmaan muli mawu awiri amene lero tikufuna kuwaika pamodzi. Marjaan watchulidwa pakati pa mitendere yotuluka m'nyanja, ndipo sikelo yatchulidwa monga chinthu chimene sitiyenera kuchiphwanya.

Marjaan ndi matanthwe a m'nyanja yamchere, onga a ku Quirimbas ndi ku Bazaruto. Amaoneka ngati miyala, koma amamangidwa ndi tizamoyo tating'ono kwambiri. Mitundu ina imakula pafupifupi sentimita 1 pa chaka. M'menemo nsomba zimabisala ndi kukulira, ndipo mafunde amaswekera pomwepo asanafike pamidzi ya m'gombe.

Masiku ano anthu amalima marjaan. Amathyola tizidutswa, kutimangirira pa zitsulo kapena zingwe pansi pa madzi, tikakula nkutigulitsa kwa okongoletsa nyumba ndi matanki a nsomba, kapena kutibzala pomwe thanthwe linafa. Ntchitoyi ndi rizq ya halaal. Koma mbewu yake imachokera kuti? Yoyamba imathyoledwa pa thanthwe limene palibe munthu analibzala. Wolima akamabwererako nyengo iliyonse, munda wake ukukula uku munda wa Allah ukutha. Choipa koposa, wina amazula wachilengedwe nkumulemba kuti ngolimidwa. Chimenecho ndi chinyengo pa malonda, ndipo Mtumiki (SAW) anadzipatula kwa wonyenga.

Nchifukwa chake maiko anaika malire. Pangano la CITES limafuna chilolezo marjaan wolimba asanadutse malire a dziko. Indonesia, dziko la Asilamu ochuluka, inaimitsa kutumiza marjaan kunja mu 2018, ndipo mu 2020 inatsegulira wolimidwa. Mabanja ambiri anasowa ntchito m'zaka zimenezo. Tisapeputse misozi yawo. Lamulo lotsekera pamodzi wolima mwachilungamo ndi wakuba nalonso lapendeketsa sikelo.

Chisilamu chimaidziwa njira yapakati. Mtumiki (SAW) anapatula dera la An-Naqii' pafupi ndi Madina kukhala himaa, malo otetezedwa chifukwa cha ubwino wa onse. Choncho tikuti: pakhale matanthwe osakhudzidwa, mbewu ithyoledwe mwa muyeso kamodzi kenako ichokere m'munda momwemo, ndipo asodzi a m'deralo akhale nawo pokonza malamulo.

Ambiri mwa ife tili kutali ndi gombe, koma funsoli ndi lathu. Woyang'anira wa boma sangamire pa thanthwe lililonse, monganso sangaime pa ngalawa iliyonse ya pa nyanja ya Niassa. Chotsala ndi taqwa. Ndife akhalifa, osunga amaanah, ndipo tidzafunsidwa pa Tsiku la Qiyaamah za zomwe tinathyola pamene panalibe wotiona.

E, Allah, tipatseni rizq yoyera, ndipo musatichite kukhala oononga pamtunda ndi panyanja. Aameen.